Madontho a Utoto pa Mabuku a Eni

Mayi Rufina Cassimiro amadziwika ku Ulongwe ndi khalidwe limodzi: akabwereka chinthu, chimabwerera kwa mwini wake. Anabadwira ku Lifidzi, mwana wachitatu wa mphunzitsi wa katekisimu, ndipo anaphunzira pamishoni mpaka pamene bambo awo anamwalira. Atakwatiwa n'kusamukira m'tauni, anzawo a mumphakati wa kutchalitchi anawasankha kukhala osunga ziwiya. Pakagwa maliro kapena pakakhala ukwati, iwo ankayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa mbale, makapu, mabeseni ndi mipando, mwambo ukatha n'kubweza zonse. Njira yake anaiona kwa amayi awo: chiwiya chisanachoke pakhomo pa mwini wake, ankachidontheza utoto kunsi, banja lililonse mtundu wakewake. Kwa zaka makumi awiri, mumphakati umenewo simunamveke mkangano wa mbale.

Mbiri imeneyi ndiyo inawapezetsa ntchito. Kumapeto kwa tauni, m'nyumba imene kale inali mosungiramo kachewere, munatsegulidwa sukulu ya ukachenjede yosakhala ya boma, ndipo mkulu wake, a Hermínio, ankafuna munthu wosasowetsa zinthu kuti aziyang'anira bibiliyoteka. Bibiliyotekayo inali chipinda chimodzi chokhala ndi matabwa asanu oikapo mabuku. Anayi mwa matabwawo ankangosunga fumbi.

Mwana wamkazi wa Mayi Rufina, Denise, anaphunzira pasukulu yomweyo kurusu ya zaulimi. Anamaliza zaka zinayi, anavala mkanjo, anajambulitsa. Koma kurusuyo inali isanavomerezedwe ndi bungwe la ku Maputo limene limaunika maphunziro apamwamba. Sukuluyo inayamba kuphunzitsa ikunena kuti mapepala ali m'njira. Kuyambira pamenepo, nthawi iliyonse Denise akapita kukafunsira ntchito yaulangizi, mlembi ankayendetsa chala pamndandanda wa makurusu ovomerezeka, n'kumubwezera mapepala ake mwaulemu. Zinatero zaka zitatu. Tsopano ankasankha kachewere ku Domwe kwa wamalonda wina wopakiza malole.

Ounikawo akamabwera amafunsa zinthu zooneka ndi maso: mabuku alipo angati, aphunzitsi okhazikika ndi angati, munda wophunzirira uli kuti. Mafunsowa si oipa. Anakonzedwa kuti ateteze ana ngati Denise yemweyo. Koma pamalo pamene palibe kanthu, funso lotumizidwa mwezi wathunthu alendo asanafike limasanduka mndandanda wa zinthu zokabwereka. Ounika anali atabwera kale kawiri, ndipo maulendo onse awiri analemba kuti mabuku ndi osakwanira.

Kumayambiriro kwa nyengo yozizira, a Hermínio anawaitanitsa Mayi Rufina.

"Dona Rufina, mwezi wamawa akubweranso. Matabwa aja adzaze."

"Adzaze ndi chiyani, a Diretori? Ndi kachewere?"

"Siyani nthabwala. Inu anthu sakukanizani. Ndi masiku atatu okha."

"Nanga mabuku munaitanitsa aja? Munati ali padoko ku Beira."

"Akadali padoko."

"Chaka chachinayi chino. Sitimayo iyenera kuti inamera mizu."

A Hermínio sanaseke. Anangoti, "Mwana wanu alinso m'gulu la odikira, si choncho?" Mayi Rufina anatuluka kukayamba kusonkhanitsa mabukuwo.

Anayenda masabata atatu. Kwa mkazi wamasiye wa mphunzitsi wa sekondale anapezako makatoni awiri. Wansembe wina wopuma anawapatsa chilichonse chimene sichinali cha mapemphero. Ambiri anachokera ku Lifidzi, kwa Bambo Damião, amene anagwira ntchito yaulangizi wa zaulimi moyo wawo wonse. Mkuluyo anaika mabuku ake m'matumba a feteleza limodzilimodzi, ngati akuwatsanzika. Atafika pa buku lina lonenepa, la za nthaka, anaima.

"Ili ndinaoloka nalo malire nthawi ya nkhondo. Mbuzi ndinazisiya, ili ndinalisenza. Akanakhala wina sindikanalola, koma poti ndinu, a Rufina. Mukalitaya, pamaliro anga musadzapondepo."

"Lachisanu alendo akangochoka, lidzagona m'nyumba mwanu muno."

Buku lililonse analidontheza utoto kunsi, m'mphepete mwa masamba: wofiira kwa Bambo Damião, wobiriwira kwa wamasiye, wachikasu kwa wansembe. Sanaganize n'komwe kuti akuchita chinthu chofuna kuganizira. Manja awo ankadziwa kuti cha mwini sichichoka pakhomo chopanda chizindikiro. A Hermínio atabweretsa chidindo cha sukulu kuti mabukuwo adindidwe, iwo anakana, nati utoto umapalika ndi lezala koma chidindo sichichoka. Mkuluyo anayang'ana matabwa odzaza, mtima wake unakhala pansi, ndipo nkhani ya chidindo anaisiya. Madonthowo sanawaone, chifukwa buku likaima pathabwa kunsi kwake sikuoneka.

Ounika anafika atatu. Abambo awiri anapita kukaona munda, ndipo mayi mmodzi, Dotora Adelaide, analowa m'bibiliyoteka, a Hermínio ali pambuyo. Anali munthu wosafulumira, wooneka kuti waona zipinda zambiri zotere. Anasolola buku, analitembenuza, anasololanso lina. Posakhalitsa patebulo panali mabuku khumi ogonekedwa, madontho ake ataloza kwa Mayi Rufina.

"Madontho awa ndi a chiyani?" anafunsa m'Chipwitikizi.

"Ndi dongosolo lathu, Dotora," anayankha msanga a Hermínio. "Ofiira ndi a za nthaka, obiriwira ndi a za ziweto."

Dotora ananyamula atatu ofiira. Loyamba linali la za nthaka ndithu. Lachiwiri linali la kaweteredwe ka njuchi. Lachitatu linali lophunzitsa kukonza njinga yamoto. Anawabwezera patebulo, natembenukira kwa Mayi Rufina, ndipo ulendo uno analankhula Chinyanja.

"Mayi, ine kwathu ndi ku Tsangano. Mtundu wa amayi anga unali wachikasu. Ndakula ndikudyera m'mbale za dontho."

"Ndi mphatso, Dotora," anatero a Hermínio. "Anthu akufuna kwabwino anatipatsa. Madonthowo ndi okumbukira opereka."

"Ngati ndi mphatso, palibe vuto. Bweretsani chidindo, tiwadinde lero lomwe, ndiwalembe kuti ndi a sukulu. Tikadzabwera mosalengeza tidzawapeze pomwepa." Anayang'ananso Mayi Rufina. "Wosunga ndinu. Ndi mphatso?"

Panafunika liwu limodzi lokha. Mayi Rufina analidziwa liwulo, ndipo anadziwanso kumene likanathandiza: kwa mtsikana amene panthawi yomweyo anali atawerama pamulu wa kachewere, zala zitang'ambika ndi chisanu. Anthu amene anamva nkhaniyi pambuyo pake ena anati mayiwa ndi olimba mtima, ena anati ndi opusa. Zikuoneka kuti zonsezo sizinali m'mutu mwawo. Chimene anaona ndi ulendo wa ku Lifidzi, iwo atakhala pakhonde la Bambo Damião chimanjamanja, akufotokoza. Anayesa kupeza mawu amene akanayambira, osawapeza. Analinso atatopa ndi sitima ya ku Beira.

"Lachisanu ndikukabweza," anatero.

Dotora sanasonyeze kukondwa. "Ndionetseni opanda dontho."

Mayi Rufina anagwada nawaonetsa thabwa lapansi. Panali mabuku makumi anayi ndi atatu, asanu ndi awiri mwa iwo ofanana. Dotora anawerenga, analemba, nathokoza. A Hermínio anali atatuluka kale.

Yankho linafika patapita miyezi itatu. Kurusu ya zaulimi sinavomerezedwe. Kalatayo inatchula zoperewera khumi ndi chimodzi, ndipo mabuku anali pa nambala yachinayi, pambuyo pa aphunzitsi okhazikika amene anapezeka awiri okha, ndi munda umene unali wa mlamu wa a Hermínio. Komabe m'tauni monse munamveka kuti sukulu yagwa chifukwa cha utoto wa Dona Rufina. Nkhani imeneyo ndi imene inali yosavuta kuikamba. Ntchito sanawachotse, mwina poti ulendo wachinayi udzafunanso munthu amene anthu samukaniza.

Loweruka lotsatira anakwera shapa, minibasi ya kumeneko, kupita ku Domwe. Anamupeza Denise kuseri kwa msika, atakhala pathumba, akulekanitsa kachewere wamkulu ndi wamng'ono. Mtsikanayo sanaimirire.

"Ndamva kale, amayi. Anzanga andiimbira onse. Akuti munaulula ndinu."

"Ndinangoti ndikukabweza."

"Mukanangoti ndi mphatso."

"Ndikanatero."

"Agogo a ku Lifidzi aja mabukuwo amawawerenga? Maso awo akuona n'komwe?"

"Sakuona bwino."

Denise anaponya kachewere wowola kumbali. Mayi Rufina anafuna kutchula za aphunzitsi awiri ndi munda wa mlamu, koma anaona kuti kutero kukanakhala kudziyeretsa.

"Sindidikiranso," anatero Denise. "Ku Tete kuli sukulu imene yati indilandira, koma ndikayambire chaka chachitatu. Zina zimene ndinaphunzira akuti sangaziwerengere."

"Zaka ziwiri zinanso."

"Ziwiri. Ndikadikira a Diretori anu zikhala zingati?"

"Wafunsa ngati kurusu yawoyo ili pamndandanda?"

"Ndinayamba n'kufunsa chimenecho, dzina langa ndisanalitchule."

Mayi Rufina anagwedeza mutu. Anayala chitenje chawo pansi, anakhala, nayamba kusankha nawo kachewereyo. Denise sanawaletse. Patapita nthawi anangowakankhira dengu lina ndi phazi, nati, "Apakatikatiwo muziika umu, amayi. Mukusakaniza."