Kilatchi Imene Bambo Anaimaliza

Bambo atamwalira, galimoto yawo inakhala pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Nsaru mpaka mvula inatha. Inali yakale, yazitseko ziwiri, yotsika ngati ikukwawa, yopangidwira liwiro la pa tala osati misewu yathu yafumbi. Nditailiza, injini inkangolira koma galimoto osakoka. Kilatchi inali itatha.

Ndinaitana amakaniko ena a ku Namitete. Poti panalibe polowera kunsi kwake, tinakumba dzenje pabwalo n'kuikankhira pamwamba. Tinatsitsa giyabokosi thukuta lili kamukamu. Atatulutsa mbale ya kilatchi, inali itaperepeseka mpaka chitsulo kuonekera.

"Eni akewa sankadziwa kuyendetsa," anatero amakanikowo. "Phazi silinkachoka pa kilatchi."

Mawuwo anandilasa. Bambo sankadutsa munthu osamupatsa moni. Akaona azimayi atasenza nkhuni, ankaponda kilatchi theka kuti asawathire fumbi. Akapeza masamba atayalidwa pamsewu kusonyeza kuti pamudzipo pagwa maliro, ankavula chipewa, galimoto n'kumayenda ngati ngolo mpaka kudutsa masamba a kutsogolo. Zaka zonsezo sindinawaonepo akulowetsa giya yomaliza.

Titamanga kilatchi yatsopano, amakaniko anandichenjeza kuti ndisatengere khalidwe limenelo, ndipo ndinavomera. Koma powaperekeza pa galimotoyo masana omwewo, tisanapite patali, tinapeza masamba pamsewu. Phazi langa linatsika lokha pa kilatchi. Amakaniko aja anayang'ana phazilo kwa kanthawi, kenaka anavula chipewa chawo.