Belu la Aneba Athu

Kuno ku Kentucky, m'dziko la America, mphepo ikayamba kuluma makutu, fodya amafuna mpeni msanga, chisanu chisanamupsereze. Aneba athu mpeni sanaugwirepo chibadwire. Chawo ndi chingwe cha belu loitanira akapolo kumunda.

Pagolosale amalankhula ngati mbusa. "Akapolo aja ndi ana anga," amatero. "Usiku ndimawakhomera kuopa chimfine." Ana awo owabala okha ali kunkhondo, wamkulu akumenyera kuti ukapolo uthe, wamng'ono kuti ukhalebe. Popemphera amatchula wamng'onoyo basi.

Lachiwiri lapitali belu linalira mpaka dzuwa kukwera, koma m'munda munali akhwangwala okhaokha. Kenaka aneba aja anatulukira pampanda panga, thukuta lili kamukamu.

"Mphwanga, Ezekiya ndi akapolo anzake awoloka mtsinje wa Ohio, athawira kumpoto kopanda ukapolo. Anthu osayamika! Chaka chathachi ndinawagulira nsapato."

"Ndiye nsapatozo zagwira ntchito yake, bambo," ndinatero.

"Usandiseke, iwe. Nanga fodya wanga? Chisanu chigwa mawa."

"Mulizireni belu, mwina adzidula yekha."

Ndinapachika fodya wanga wotsiriza m'chigafa, n'kutseka chitseko.