Mabowo Othina a Bambo Anga

Fungo la oyilo wakuda pachitsulo chotentha limandibwezera kwathu ku Chiringa, m'chilimwe chimene bambo anga anathamangitsidwa pamudzi. Ndinali kamtsikana ka Sitandade 3, sukulu yaulere itangoyamba kumene. Kuseri kwa nyumba yathu kunali chisakasa chaudzu, momwe bambo ankapangira makaliyala a njinga za anthu otuta nkhuni ku Michesi. Magetsi kunalibe. Ankaponda chitsulo ndi phazi n'kumapukusa choboolera chamanja, thukuta lili kamukamu, tinyenyeswa tachitsulo tili mbwee pansi. Tinkandibaya kumapazi, ndipo chisakasacho ndinkadana nacho.

Bambo anali ndi kachitidwe kawo. Bowo lililonse ankaliboola mocheperako pang'ono, kenako n'kulipala ndi tupa, bauti n'kuilowetsa ndi hamala. Ankachedwa nazo zedi, eni njinga akung'ung'udza padzuwa.

Amalume, achimwene awo a mayi, sankafuna n'kuwaona komwe. Bambo anali mkamwini, ndipo amalume ankangowatchula kuti "aujeni" ngati analibe dzina. Tsiku lina anatola kaliyala wina bambo asanamalize, ati akamanga okha panjinga yawo. Bauti inakana kulowa. Dzuwa litapendeka anabwera ndi chitsulocho atamema abale onse, n'kuchiponya pabwalo.

"Taonani ntchito ya mkamwini wanu. Bowo lenilenilo likumukanika. Anawa awalera ndi chiyani?"

"Alamu, simunadikire kuti ndimalize," bambo anayankha motsitsa mawu.

Amalume anandikoka dzanja n'kundiimika pakati. "Iwe umaona. Mabauti a bambo akowa amalowa?"

"Salowa," ndinatero. "Amachita kumenya ndi hamala."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinanyadira, poti aka kanali koyamba akuluakulu kumvetsera zonena zanga. Bambo anandiyang'ana kamodzi kokha n'kuweramitsa mutu. Mayi ankangopotokola nsonga ya chitenje.

Kuchokera pamenepo zakale zonse zinafukulidwa, ankhoswe n'kulephera kuzizimitsa. Mvula isanagwe, bambo anaika choboolera, tupa ndi hamala m'thumba la feteleza, ulendo wapansi wobwerera kwawo. Sabata isanathe amalume anagwetsa chisakasa chija n'kulimapo mizere ya chinangwa.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti bambo anali mmisiri wolephera, ndipo ine ndinangonena zoona. Ndili mayi kale, wokonza njinga wina anandiuza kuti bowo lothina ndilo limagwira bauti kuti isagwedere m'njira zamiyala, ndipo amatero ndi munthu wodziwa ntchito. Amalume ankazidziwa zimenezo, munthu wokulira panjinga. Iwo ankangofuna kuti mawuwo atuluke pakamwa pa mwana. Mpaka lero sindinawakhululukire, ndipo pamaliro awo msozi sunagwe. Koma bambo anamwalira kwawoko ndisanapite kukawauza kuti ntchito yawo inali yabwino.