Ndinameta Amayi Ali Moyo

Pa timu yathu yosambira ya pa yunivesite ku Greenwich, mu London, munthu wakuda ndinali ndekha, ndipo wovutika ndi chipewa ndinalinso ndekha. Osambira timavala kachipewa ka labala kothina kuti tsitsi lisamakoke madzi. Anzangawo ankangopinda tsitsi lawo kamodzi, kachipewa pamutu, basi alowa m'madzi. Ine ndinali ndi meshi yofika pamsana. Kuti yonseyo ilowe pankafunika anthu awiri, wina kukoka kutsogolo wina kukankhira kumbuyo, mwini mutu ndikutukwana chamumtima.

Meshiyo ankandiluka ndi amayi. Amayi ndi namwino, ndipo tinkakhala awiri m'fulati ku Thamesmead, kumene munthu umafika pa basi ukapirira. Ofu yawo ikagwa Lamlungu, tikangochoka ku tchalitchi, ankakhala pa sofa, ine pansi pakati pa mawondo awo, botolo la mafuta pambali. Kucheza kwathu kwenikweni kunali pamenepo. Masiku enawo iwo ankabwera atatheratu, ine ndinkatuluka mbandakucha kupita ku dziwe, tinkangopatsana moni ngati anthu a lendi. Koma pakati pa mawondo paja ndinkamva zonse, za odwala amwano, za kumudzi ku Ntcheu, za bambo anga amene anamwalira ndili sitandade thuli. Ndikangosuntha mutu, chipeso pa liwombo, kho! "Takhazikika iwe, ukufuna mzere ukhote?"

Zosambirazo amayi sankaziwerengera ngati kanthu. Ndinaziphunzira kuno kusukulu nditabwera kudzakhala nawo, ndipo zinandilowa m'magazi, koma iwo anali asanabwereko kudzandiona n'kamodzi komwe. Dziwe ankalitcha bafa. "M'madzi mulibe pogwira," ankatero, nkhani n'kuthera pomwepo.

Komabe mwana wawo sakanapita paulendo wopanda kamba, zimenezo ayi. Tsiku la mpikisano ndinkapeza kontena ya mandasi patebulo. Timu inkakumana pa geti m'mamawa wa Loweruka, n'kudzazana m'minibasi yonunkha matawulo achinyezi ndi makoko a nthochi. Woyendetsa anali kochi wathu, bambo wamtali wosakonda zolankhula, amene ankasochera ngakhale foni ikumuuza njira. Tisanatuluke n'komwe mu London anzanga ankayamba kundiyang'ana m'chikwama, "Kodi amayi ako atumiza?" Kochi ankaletsa zamafuta mpikisano usanachitike, ankachita kulalikira, koma tikafika pa msewu waukulu dzanja lake linkabwera lokha chakumbuyo, maso ali kutsogolo. Ndinkaikamo awiri.

Mpikisano wa pamtima panga unali rileyi. Mumakhala atsikana anayi, wina akagunda khoma mnzake n'kudumpha, mpaka wachinayi. Ine ndinkasambira komaliza chifukwa m'madzi ndilibe chisoni. Kuona mapazi a munthu patsogolo panga kumandipsetsa mtima, ndipo ndikapsa mtima ndimathamanga.

Tsoka linandigwera paulendo wina wa kumpoto, mumzinda wa mvula yosakata. Anzanga atatu anagwira ntchito yawo bwinobwino, anandisiyira mpikisano tili patsogolo. Ndinadumpha, ndinafika kukhoma la kutsidya, ndipo potembenuka kachipewa kanangoti fwamphu, kutenga ndi magalasi osambirira omwe. Koma abale! Meshi yonse mbwee, kumwa madzi, kundikulunga kumaso. Ndinabwerera ngati ndikukoka thumba la chimanga chonyowa, ndikuona matimu akundidutsa mbali zonse. Nditatuluka, kachipewa kanga kanali kuyandama pakati pa dziwe anthu onse akukaona. Pobwerera m'minibasi munali zii. Palibe anandinena, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiwawa kwambiri, bola akanandilalatira.

Lolemba kochi anandiitanira pambali. Nkhope inali itafiira ngati tomato, maso pansi, kuopa kutchula tsitsi la munthu wakuda. Anati mpikisano waukulu wa makoleji a mu London wayandikira, malo pa rileyi ndi anayi koma atsikana okhoza alipo asanu, ndipo sangaike komaliza munthu amene chipewa chake sichidziwika ngati chikafika. "Za tsitsi sindinenapo kanthu, ndi lako," anatero. Sanalakwitse, ine ndemwe ndikanakhala kochi ndikanalankhula zoposa pamenepo.

Ndinayesa kuvala zipewa ziwiri, mutu unkagunda ngati ndili ndi malungo. Ndinagula chachikulu chopangira anthu a meshi, chinagwira ndithu, koma chinkakoka madzi ngati ambulera. Mapeto ake ndinapita kwa eni tsitsi.

"Amayi, ulendo uno musandiluke meshi. Mungondidulako, likhale lalifupi."

"Ndidule chiyani? Tsitsi limeneli ndalilera ndekha kuchokera pa mpala. Ndilidule chifukwa cha bafa lija?"

Makani ndinatengera iwo omwewo. Lachinayi nditatuluka m'kalasi ndinamasula meshi ndekha, n'kukalowa m'shopu yometera amuna pafupi ndi siteji ya basi. Wometayo anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Ndinati mpala, achimwene, musasiye kanthu. Nditatuluka mphepo ya ku mtsinje inandiomba pamutu, ndinamva kupepuka mpaka ndinaseka ndekha pa siteji, anthu n'kumandiyang'ana.

Amayi anafika madzulo kuchokera ku shifiti. Anatsegula chitseko, anandiona, chikwama chinagwa pansi.

"Wamwalira ndani?"

Mawuwo anatuluka aang'ono, osati a amayi amene ndimawadziwa. Ankayesa kuti foni yabwera kuchokera kumudzi iwo ali kuntchito. Kwathu maliro akatha achibale amameta, ndipo ulendo womaliza amayi kundiona wopanda tsitsi unali titaika bambo, azakhali akutipala ndi lezala kuseri kwa nyumba, ine ndi amayi pa mphasa imodzi. Ine ndinali mwana, zinandichoka m'mutu. Iwo sizinawachoke.

"Palibe, amayi. Ndi za kusambira."

Anakhala pampando wa pakhomo osavula nsapato. Kenako anati, "Ndiye wandimetera ndili moyo. Wafulumira, koma chabwino."

"Iii amayi, kumudzi atsikana a sukulu onse amameta!"

"Amene aja amadula ndi sizasi. Iwe wapala."

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundiyang'ana kumutu. Chakudya ankandisiyira, moni ankayankha, koma maso awo ankathera pachibwano panga. Ku dziwe zinthu zinayenda, ndinkathamanga kuposa kale, kochi anandibwezera malo anga omaliza, anzanga ankandisisita mpala asanadumphe ati ndi mwayi. Koma linafika Lamlungu la ofu, tinachoka ku tchalitchi, amayi anakhala pa sofa, ine pampando wina, wailesi ya kanema ikulankhula yokha. Panalibe choluka, ndiye panalibenso chokamba. Pamenepo ndinachita mantha enieni, kuti mwina pakati pa mawondo paja sindidzakhalaponso. Walira mvula walira matope.

Ndinawauzabe za mpikisanowo, kuti ndi Loweruka, pa dziwe lina kupitirira Wembley. Anati ali pa shifiti. M'mawa wa Lowerukalo patebulo panalibe kontena. M'minibasi anzanga atafunsa ndinati amayi atanganidwa. Dzanja la kochi linabwera chakumbuyo monga mwa nthawi zonse, linadikira, linabwerera lopanda kanthu. Ndinayang'ana pa windo ulendo wonse, ndipo unali wautali chifukwa ku bwalo la Wembley kunali mpira tsiku limenelo, magalimoto ali ndondondo.

Rileyi inali chakumapeto. Woyamba wathu anachedwa kudumpha, wachiwiri anabwezako, ndipo pamene wachitatu ankabwera tinali achinayi. Ndinaima podumphira, kachipewa katagwira ngati khungu langa lomwe, ndikuona mapazi a anthu atatu akunyamuka ine ndisanadumphe. Mtima unandipsa bwinobwino. Mnzanga atagunda khoma ndinalowa. Mmodzi ndinamudutsa tisanafike kutsidya. Potembenuka ndinakankha khoma ndi ukali wonse, kachipewa osasuntha n'pang'ono pomwe.

Posambira, ukatembenuza mutu kuti upume, khutu limodzi limatuluka m'madzi. Pobwerera paja khutulo linatola phokoso limene silimveka pa madziwe a kuno. Makolo a kuno amaomba m'manja, akatenthedwa kwambiri amaimba mluzu. Iyi inali nthungululu. Ndikamiza mutu, zii. Ndikatulutsa khutu, iyo! Ndimize, zii. Nditulutse, ikadalipo, yakuthwa, yosapumira, yonga ya paukwati wa kumudzi. Pakhosi pamenepo ndinapadziwa, ndi pomwe pankandiitana ndikachedwa kosewera. Mphamvu zimene ndinamalizira sindikudziwa kumene zinachokera. Ndinadutsa wina, ndipo wotsalayo tinagunda khoma ngati limodzi, anandiposa ndi chikhadabo. Tinakhala achiwiri. Timu yathu inali isanafikepo pamenepo, anzanga anandigwera m'khosi, kochi wosalankhula uja ndinamuona akudumpha ngati mwana. Mendulo imeneyo ndimanyadira mpaka lero, ndipo wondiuza kuti siliva si golide ayambe wasambira.

Ndinakwera kumene kumakhala oonerera ndikadali chinyowere, tawulo paphewa. Amayi anali pamwamba penipeni, jasi pamwamba pa yunifolomu, chitenje m'chiuno, azungu oyandikana nawo atasunthako pang'ono. Pambali pawo panali anti a ku Chipata, olankhula Chinyanja cha kwawo, mnzawo wa kutchalitchi amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Antiwo ndi amene anayamba.

"Iwe mwana! Amai bako basinthanisa shifiti, takwela basi, takwela sitima ya Jubilee, tasoba njila kawili! Manje pamene unajumpa benze kuyopa maningi, ati mwana azamwa manzi. Koma pobwela paja, ah, nachita manyazi ine na chongo ca nthungululu zao!"

Amayi sanaseke. Anandiyang'ana, ndipo ulendo uno maso sanathere pachibwano.

"Khala pansi."

Ndinakhala pa sitepe ya m'munsi mwawo, msana ku mawondo awo. Ndinamva zipi ya chikwama, kenako fungo la mafuta aja a Lamlungu.

"Taona mutu wauma ngati chigoba. Mankhwala a m'bafamu akuthera khungu, iwe osadzola, ukuyesa mpala umadzisamala wokha?"

Anayamba pa liwombo, kutsikira m'makutu, pang'onopang'ono, osati mwachangu ngati poluka. Manja awo anali ozizira ndi mphepo ya panja. Atafika kunkhongo anaima.

"Tsiku lija kumudzi mutu uwu sindinauyang'ane," anatero chapansipansi. "Sindikanatha." Chala chinayenda pa fupa la kumbuyo. "Kani ndi wa bambo ako weniweni, mpaka nkhongo yotulukayi."

Ndinalira, ndipo sindinabise, mtsikana wamkulu wa pa yunivesite, mamina ndi madzi a m'dziwe pamodzi. Anti anayang'ana kumbali n'kumafunafuna kanthu m'chikwama mwawo.

Mnzanga wosambira kachitatu anabwera akuthamanga kudzandiuza kuti onse alowa kale m'minibasi, kochi akuliza hutala. Amayi sanachotse dzanja pamutu panga. Ndi linalo anatulutsa kontena m'jumbo ya anti n'kumupatsa mtsikanayo.

"Umuuze akapatse abambo aatali aja adye," anandiuza. "Adikire, sindinamalize."

Minibasi inadikira.