Magalasi a Lamulungu

Amuna anga ndi kalipentala pa Phalombe Boma, ndipo ndinene poyera: zipangizo zawo amazikonda kuposa ine. Si nsanje ayi, ndinazolowera. Tchizulo iliyonse ili ndi kansalu kake. Sowo akathana nayo amaipukuta ndi oilo, pulena amaigoneka chammbali kuti mpeni wake usakhudze thebulo. Tsiku lina ndinabwerekako tchizulo imodzi kukatsegulira chitini cha tomato. Ndinaziona! Masiku awiri osandiyankhula, akungonola chinthucho pamwala uku akuusa moyo ngati pamaliro.

Anthu atayamba kukonda mafelemu achitsulo, iwo anagula galayinda, makina amagetsi aja okhala ndi chimbale chozungulira, odulira chitsulo. Akamadula, moto umachita kuthetheka mpaka kumaso. Chitetezo chawo chinali kutsinzina diso limodzi ndi kupotoza khosi.

"Bambo, maso amenewo," ndinkatero ndikawapititsira chakudya masana.

"Anazolowera awa, mayi. Chitsulo chimandidziwa."

Chitsulocho chinawadziwadi. Tsiku lina anabwera kunyumba diso lamanzere lili psuu, misozi ili chuchuchu. Ankati ndi chitsotso wamba. Ndinauzira, osatuluka. Ndinayesa ndi kansonga ka chitenje, osatuluka. Anaviika nkhope m'beseni nkumaphethira ngati bakha, ayi ndithu. Tinataya masiku atatu ndi zimenezi, lachinayi ndinawakokera kuchipatala. Adokotala anachotsa kachitsulo kochepa ngati njere ya mpiru, koma kanali katachita kale dzimbiri m'disomo. Kuyambira pamenepo diso limenelo limangoona chimbuuzi.

"Achimwene, mwatsala ndi limodzi," anatero adokotalawo. "Likapita ili, ntchito yatha. Gulani magalasi otchingira maso."

Ndinachita mantha, sindibisa. Kalipentala wosaona angadyetse bwanji ana anayi? Ndinakwera kabaza mpaka kwathu ku Nkhulambe, ndinagulitsa nandolo wanga yemwe ndinkasungira mitengo ikakwera, nkukawagulira magalasiwo. Anali okongola, apulasitiki yolimba, otchinga ndi m'mbali momwe, a lamba wakuda.

Anawalandira ndi manja awiri. Anawayang'ana, anawauzira mpweya, anawapukuta. Kenako anawasokera kathumba kawokawo. Apa mpamene ndinayenera kudziwa kuti zinthu zalakwika.

Mawa lake ndikupita ndi chakudya, ndinawapeza akudula chitsulo, khosi lopotoza, diso labwino lija lili pamtunda. Magalasi ali m'kathumba, kathumba kali m'bokosi, bokosi lokhoma.

"Bambo! Magalasi aja ali kuti?"

"Aa, mayi, mukuuona moto umenewu? Mukufuna awonongeke tsiku limodzi? Chinthu chodula chija?"

Ndinaika kontena ya chakudya pansi. Ndinayankhula, ndinakalipa, ndinatchula ana onse mmodzimmodzi. Iwo ankangogwedeza mutu mwaulemu, nkumati chipangizo chabwino sachiika pamoto.

Lamulungu ndiye anandimaliza. Ndikutuluka m'nyumba kuti tizipita kutchalitchi, ndinawapeza pafupi ndi njinga, jekete, tayi, ndi magalasi aja kumaso, lamba atamanga kumbuyo kwa mutu. Ati fumbi la mumsewu. Ndinakhala pakaliyala nkhope nditaibisa kumsana kwawo. Pabwalo la tchalitchi azibambo anzawo anawazungulira, wina nkuwayesako, wina nkufunsa mtengo. Amuna anga anali ngati abwana ochokera ku khonsolo. Anawavula pakhomo penipeni polowa, mwinanso chifukwa ndinawatsina.

Inatha milungu itatu zili choncho. Lamulungu magalasi kumaso, Lolemba m'bokosi.

Ndiye ndinaganiza. Munthuyu ndimamudziwa: malaya atsopano savalira ntchito, koma akangong'ambika kolala, basi asanduka a kushopu. Loweruka lina iwo atapita kukagula matabwa, ndinalowa m'shopu nkutenga kiyi wa bokosi m'thumba la ovolosi yawo. Ndinatulutsa magalasiwo, ndinang'amba kachidutswa ka sandipepala, nkuyamba kukwecha. Pakati poonera sindinakhudzepo, sindine wopusa. Ndinakwecha m'mbali, pamwamba ndi pamphuno mpaka panayera mbuu. Lamba ndinamudonthezera penti wobiriwira. Ndinabwezera zonse m'malo mwake mozemba ngati ndaba nkhuku.

Madzulo kathumba kaja anabwera nako kunyumba osakatsegula. Lamulungu m'mawa ndinamva kukuwa.

"Mayi! Ndani wachita izi?"

"Ndine."

Anandiyang'ana ndi diso limodzi lija nthawi yaitali. Akanakhala munthu wokalipa bwenzi zili bwino, koma iwo anangoti, "Mwandilaula." Kutchalitchi tinapita wapansi, iwo kutsogolo, ine kumbuyo. Ulendo uno kusayankhula kunafika sabata yathunthu, kuposa za tchizulo zija. Koma Lolemba ndinawapeza akudula chitsulo magalasi ali kumaso. Anayankhulira kumbali, ngati akuuza sowo: "Nanga atsala a chiyani? Angokhala a ntchito basi."

Patapita mwezi ndi theka, ndikuyandikira kushopu ndi chakudya, ndinamva kuti phwaa! galayinda nkukhala chete. Ndinataya kontena, ndinathamanga. Chimbale chinali chitasweka. Amuna anga anali pansi, atatsamira mwendo wa thebulo, magalasi ali m'manja. Pa galasi la kumanja, pakati penipeni poonera, panali patazika kachidutswa ka chimbale kotalika ngati chikhadabo.

Ndinagwada, ndinawagwira nkhope, ndinawatsegula chikope ndi zala. Diso linali loyera, likundiyang'ana.

"Mayi," anatero, "awonongeka."

Ndinaseka mpaka kuseka kunasanduka kulira, pomwepo pa utuchi, anthu a m'mashopu oyandikana akutiyang'ana.

Tsiku lotsatira tinapita limodzi kukagula ena. Titafika kushopu anawatulutsa m'pepala, anawauzira mpweya, anawapukuta, anawatembenuza uku ndi uku. Ndinaona maso awo akulowera kubokosi kuja, ndipo ndinali nditakonzeka kale kuyambana nawo. Koma anatsegula dirowa, anang'amba kachidutswa ka sandipepala, nkundipatsa pamodzi ndi magalasiwo.

"Kwechani ndinu, mayi," anatero akuyang'ana kumbali. "Ine dzanja langa silingalole."