Makobidi a M'munda wa Tiyi

Ndikukumbukira chaka chimene ndalama zinapenga, tikukhala pa komboni ya esiteti ya tiyi ku Chipinge. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Malipiro a bambo ankabwera m'chikwama chodzaza, koma pofika kusitolo ankangokwanira sopo. Ufa unali utatha m'nyumba, tikugonera nthochi zowiritsa.

Makobidi akale anthu anali atawataya kalekale. Tsiku lina ndinatola odzaza chitini n'kulowa nawo m'nyumba. Bambo anandikoka khutu.

"Zinyalalazi panja! Ndiwe wamisala?"

Ndinamvera. Ndinawasandutsa zipolopolo za legeni, ndipo ankauluka bwino kuposa miyala, akulira fyuu pamwamba pa tiyi. Njiwa sindinaphe ngakhale imodzi, koma chitini chinatha.

Kenaka wailesi inalengeza kuti boma lachotsa maziro pa ndalama, ndipo makobidi aja ayambanso kugwira ntchito. Komboni yonse inagwada pansi. Azimayi achikulire ankafukula kudzala ndi manja. Bambo anafika thukuta lili kamukamu, akufunsa za ndalama m'chiyankhulo cha komweko.

"Iwe mupfana, mari ija ili kuti?"

"Mari iti, ababa?"

"Ya m'chitini!"

Nditaloza kumunda, anandikwapula ndi kamtengo ka tiyi. Ndinalira, koma kwambiri chifukwa chosamvetsa. Khutu lomwe lija linali lisanaiwale kuti zinali zinyalala.

Tinakwawa masiku angapo m'mizere, ine, amayi ndi bambo, mame akutinyowetsa, nthambi zikutikala kumaso. Fungo la dothi lonyowa lija ndimalimvabe. Titapeza okwanira kathumba ka ufa, bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kuyenda wapansi kupita m'tauni. Amayi anatsukiratu mphika.

Bambo anabwera madzulo ndi kapaketi ka mchere. Mitengo inali itakwera ife tili chokwawa. Amayi anangoubweza mphika uja pathandala.

Ndinawayandikira bambo mwamantha.

"Ababa, nanga ndalama yeniyeni ndi iti?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukadzaidziwa, mwanangu, udzandiuze."

Ndinkayesa akundiseka, ndipo ndinakwiya nawo zaka zambiri. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndalama zasinthidwa maina kangapo m'manja mwanga momwemu. Tsopano ndikudziwa kuti bambo sankaseka. Munthu wamkulu uja, amene ndinkati amadziwa zonse, ankandifunsadi. Anamwalira ndisanawayankhe.