Linga la Zithunzi za Bambo

Kuseri kwa nyumba imene tinkachita lendi ku Machinjiri kunali uvuni wa njerwa wogumulidwa theka. Eni nyumba yathu, a Makwinja, anali atagulitsa njerwa zapakati zopsa bwino, n'kusiya makoma anayi okhuthala, ofiira pamwamba, akuda bii m'munsi momwe munkadutsa moto. M'mawa wa mwezi wa Juni, chiperoni chikatsika kuphiri, makomawo ankaima okhaokha mu nkhungu, akununkha phulusa lonyowa ndi mkodzo wa mbuzi. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo chaka chimenecho n'chomwe bambo anapita ku Joni.

Bambo anali olemba zikwangwani. Mitu yometedwa bwino pamakoma a malo ometera, nkhuku yonenepa pakhomo la gulosale, zonsezo zinali za manja awo. Koma Lamlungu masana ankakhala pakhonde ndi mabolodi otsala kuntchito n'kumajambula zawozawo: amayi osenza makala, phiri la Ndirande dzuwa likulowa, minibasi yodzadza mpaka kondakitala kulendewera pachitseko. Palibe anagulapo ngakhale chimodzi. Anthu odutsa ankangoti, "A Penti, lero mukujambula ndani?" n'kumapita akuseka. Zithunzizo zinkaunjikana kuseri kwa kabati, nyumba yonse n'kumanunkha penti ndi palafini wotsukira maburashi. Tsiku lonyamuka anandigwira pamutu n'kunena kuti, "Uzindisungira zithunzi zangazi, ndibwera kuzizira kukatha." Mwina ankangonena zotonthoza mwana. Ine ndinazitenga ngati lamulo.

Nyengo yozizira imeneyo ndinali ndekha kwambiri. Amayi ankapita ku Limbe kukagulitsa kaunjika kusanache bwino, n'kubwera dzuwa litalowa. Ine ndinkasesa, kutunga madzi pa kiyosiki, kuyatsa mbaula, kenaka n'kukhala pakhomo kumvera anzanga akusewera fulaye kumsewu. Sindinkapitako, chifukwa mtsikana wina anandiuza kuti bambo anga sanapite kuntchito koma anathawa, ine n'kumuluma pamkono. Mtima wanga unali wapachala, ndipo kupepesa sindinkakudziwa. Kuyambira pamenepo ndikafika pabwalo masewera ankaima, ndikachoka n'kuyambiranso.

Tsiku lina pobwera kusukulu ndinapeza chithunzi cha minibasi chija chitamangidwa ndi waya pachitseko cha bafa, pomwe panali chibowo. Madzulo ndinawafunsa amayi misozi ili m'maso. Anali atatopa, ndipo anandiyankha akuvula nsapato: "Iwe, ndizisamba pamtetete chifukwa cha minibasi yojambula? Tandipatsa madzi akumwa uko." Ndinaona kuti m'nyumba muno mulibe womvetsa, ndipo kuti zithunzi za bambo zitha chimodzichimodzi, china kutsekera zenera, china kukupizira mbaula.

M'buku lathu la kusukulu munali chithunzi cha linga lakale lamiyala, lamakoma aatali ndi timipata ting'onoting'ono totulutsira mfuti. Aphunzitsi anatiuza kuti anthu akadzitsekera m'menemo, mdani ankazungulira kunja mpaka kutopa. Nditayang'ana uvuni uja madzulo ake, ndinaona kuti linga ndili nalo kale, langosowa denga. Ndinatola malata akale awiri kudzala, n'kuwakoka mpaka pamwamba, n'kutsindira ndi miyala. Kenaka ndinachita zimene ndinkaona ootcha njerwa akuchita asanayatse moto: ndinaponda dothi lakatondo ndi madzi, n'kumata paliponse pamene pankalowa kuwala. Iwo amamata kuti moto usathawe. Ine ndinkamata kuti diso la munthu lisalowe, moti ngakhale timipata tija ta m'buku sindinasiye. Masana atatu ndinagwira ntchito imeneyo, zala zikung'ambika ndi kuzizira. Tsiku lachinayi ndinasamutsa zithunzi zonse, ndi cha pabafa chomwe, ndikukwawira pangalande ya moto.

Masabata oyamba anali okoma, sindinama. Ndinkalowa ndi kachidutswa ka kandulo, n'kutseka pakhomo ndi njerwa. Zithunzi ndinaziimika pansi, zotsamira makoma, ndipo ndinkayenda chowerama kuchokera pa china kupita pa china ngati mlendo wolemekezeka, n'kumaziuza zimene zachitika kusukulu. M'menemo munkamveka fungo la bambo. Koma tsiku lina anyamata osaka mbewa anandiona ndikutuluka mawondo ali phulusa lokhalokha, nayamba kuzungulirazungulira pamalopo. Ndinachita mantha. Ndinamata ngalande ija ndi dothi, n'kudziletsa kupitako mpaka bambo atabwera.

Amayi anali atazindikira pa tsiku lachiwiri nditasamutsa zithunzi kuti kuseri kwa kabati kulibe kanthu. Atandifunsa, ndinati sindikudziwa. Kenaka anafunsa motsitsa mawu ngati kunabwera munthu aliyense wa kwa bambo iwo kulibe. Ndinati mwina, poti ndimakhala kusukulu. Sanafunsenso. Chimene ndinaona n'chakuti jekete la bambo, limene linkakhala pamsomali, analipinda n'kuliika pansi pa sutikesi. Foni yawo, imene ankaitchajitsa pa okala tsiku ndi tsiku podikira bambo, inayamba kukhala masiku yozima. Ankadya pang'ono. Ine ndinkangoti kaunjika sakuyenda, ndipo ndinkagona mtima uli m'malo poti zithunzi zili pabwino.

Kumapeto kwa Ogasiti, mphepo ya fumbi itayamba, a Makwinja anadzatiuza kuti Loweruka kubwera lole kudzatenga njerwa zotsala. Ndinalibe kothawira. M'mawa wa Lachisanu, amayi akumanga mtolo wawo, ndinawagwira chitenje n'kuwatsogolera kuseri. Tinachotsa malata aja. Fungo la chuku linatiwomba kumaso. Dothi lonyowa limene ndinamata, ndi chinyezi cha chiperoni, zinalibe potulukira, ndipo chiswe chinakwera kuchokera pansi n'kumanga misewu yake pabolodi lililonse. Kunja zithunzi zina zinkaoneka ngati zilipo, koma ukangogwira, chala chinkaboola ngati buledi wonyowa, penti n'kumayoyoka. Amayi anagwada n'kumatembenuza chimodzichimodzi mpaka anapeza chimene ankafuna, chithunzi chawo ali mtsikana, chimene bambo anajambula asanakwatirane. Panatsala phewa ndi khutu limodzi.

Ndinadikira mbama, koma sinabwere. Anakhala panjerwa n'kundifunsa, "Ndiye kuti unabisa ndiwe? Bambo ako sanatume munthu kudzatenga?" Ndinati ayi, sanatume. Anaseka, misozi ikutsika, akupukuta ndi nsonga ya chitenje. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti miyezi iwiri yathunthu ankakhulupirira kuti mwamuna wawo watengetsa katundu wake wokondedwa, ndiye kuti banja latha, ndipo analibe womuuza. Tinkagona chipinda chimodzi, aliyense atakumbatira chinsinsi chake. Tsiku lomwelo jekete linabwerera pamsomali. Bambo sanabwere chaka chimenecho, kapena chotsatira. Uthenga wa imfa yawo unatipeza patatha zaka zitatu, ndipo anaikidwa komweko ku Joni.

Lero ntchito yanga ndi yolemba mapulani a nyumba. Posachedwapa gulu lina linandipempha kuti ndilembe pulani ya nyumba yoonetseramo zojambula za akatswiri amakono, ndipo ankafuna kuti ioneke ngati linga lakale, ya makoma okhuthala ndi nsanja m'makona. Makomawo ndinavomera, chifukwa amasunga m'kati mozizira bwino. Koma pansi ndinapakweza kuti chinyezi chisafike, timipata ta mfuti ndinatisandutsa njira za mpweya ndi kuwala, ndipo chipata ndinachikulitsa moti mayi wosenza beseni atha kulowa osapendeka. Mkulu wina wa gululo anakwinya nkhope, nati, "Madamu, nanga sekyulite yake? Zinthu zodula izi, sitikufuna aliyense azingolowa." Mtima wapachala uja sunathe, moti ndinawayankha mokweza kuposa mmene zinafunikira, kuti akafuna chosungira chopanda anthu apeze wina, chifukwa ine ndinamangapo kale chotero. Anandiyang'ana modabwa, ndipo sindinafotokoze. Nkhaniyo tikukanganabe.

Chimene chimandipweteka si chiswe. Zithunzi zikanakhala pakhoma, ngakhale pachitseko cha bafa, anthu akanaziona, kuziseka, kuzikumbukira, ndipo lero ndikanakumana ndi wina pamsika wondiuza kuti bambo ako ankajambula. Anthu amene tinaziyang'anitsitsa tatsala awiri, ndipo tonse tikuiwala. Ndikapita kukawaona amayi, nthawi zina amasiya kusankha nyemba n'kundifunsa kuti paja pachithunzi chawo chija anavala diresi la mtundu wanji. Iwo amati lobiriwira, ine ndimati lachikasu, ndipo palibe wina woti tikamufunse.